Kadenga kamene ndinafolera painelo

Ine ndine mmisiri wofolera madenga. Funsani aliyense kuyambira kwathu kuno mpaka ku Nsadzo, akuuzani kuti denga langa silidontha. Mawu anganso ndi aakulu. Ndikaitana mbuzi zanga, za eni ake zimabwera nawo.

Chaka chatha ndinagwa padenga la nkhokwe. Sikunali kukalamba ayi, nsungwi ndiyo inali yofumbwa. Koma ndinagona pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, amayi akunyumba ali kudimba. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino mumzinda wa Tete, atamva anati atitenge tonse awiri tikakhale kwake. Ine ku Tete? Kutentha kuja, nyumba yokwera ndi masitepe, kopanda ngakhale nkhuku yoti uikalipire? Ndinakana kwamtuwagalu.

Ndiye anabwera ndi kamera, kanthu konga dzira la bakha, n'kuikhomera pamtengo pakati pa bwalo. Pambali pake, pachitsa chofika pachifuwa, anaika galasi lakuda lotchedwa painelo, nati ndilo limadyetsa kamerayo. Analongosola zambiri, koma ine ndinali kalikiliki kuuza anansi kuti aonere patali. Chimene ndinagwira n'chakuti zithunzi zimakwera pa rede, ija ena amati netiweki, kukasungidwa kutali, iye n'kumaziona pa telefoni yake.

"Ababa," anatero ponyamuka, "m'mawa uliwonse muziima apa ndikuoneni. Ikadzatha sabata osakuonani, ndikubwera kudzakutengani. Zokambirana palibe."

Ndinavomera. M'mawa uliwonse ndinkaima pamenepo khasu lili paphewa, n'kuvula chipewa. Masiku ena ndinkavinako pang'ono kuti aone kuti miyendo ilipo.

Kenako kunabwera dzuwa la mwezi wa khumi, lija lophulitsa nyemba m'makoko. Tsiku lina masana ndinagwira painelo, chala n'kupsa ngati ndagwira chiwaya. Mtima unandiwawa. Kwathu kuno chinthu chabwino sichikhala padzuwa. Nkhokwe ili ndi denga, khola lili ndi denga, njinga timaiimika pamthunzi. Nanga chinthu chimene mwana wanga anachivutikira chipse ine wofolera ndikuona? Ndinasankha udzu wautali, luzi lonyika bwino ndi nsungwi zinayi. Pofika madzulo painelo inali ndi kadenga kake, kosongoka, kometedwa m'mphepete. Odutsa ankaima n'kuyamikira. Mwanayo sindinamuuze, ndinati adzaone yekha.

Patapita masiku atatu telefoni inalira.

"Ababa, kamera yazima. Kuno sindikuona kanthu."

"Ine ndili pompano, ndavula kale chipewa!"

"Musakuwe, ndikumva. Kanyali kobiriwira kakuyaka?"

Kanyali kanali katafa. Anandiuza kuti ndidinikize batani la kumbuyo ndiwerenge mpaka khumi. Ndinawerenga mpaka makumi awiri kuti zikwane bwino. Zii. Amayi akunyumba anapukuta diso la kamerayo ndi nsonga ya chitenje. Zii. Ndinatulutsa kakhadi ka rede, n'kukapemerera, n'kukabwezera. Zii.

M'mawa mwake mwanayo anati mwina mamega atha, ndiye chakudya cha rede chija. Ndinapalasa njinga mpaka ku vila ya Chifunde, tauni yathu. Wogulitsa atayang'ana anati mamega alimo odzaza. Ndinamuuza kuti ayang'anenso, msika wonse unamva. Anayang'ananso, alimo. Nditabwerera ndinaganizira mbuzi kuti zatafuna waya. Ndinautsata ndi zala kuchokera ku kamera mpaka pansi pa kadenga. Waya wathunthu.

"Nanga painelo ili bwino?" anafunsa mwanayo.

"Ili bwino kuposa mmene unaisiyira!" ndinayankha, ndipo sindinaname.

Anapuma mozama nati, "Loweruka ndikubwera ndi masaka. Muyambe kulongedza."

Amayi akunyumba anayambadi kutsuka miphika yawo akuimba. "Ine madzi a pampopi sindikana," ankatero. "Inu madala mukazikuwa pawindo, anthu a m'tauni akudziweni." Ndinkayang'ana mbuzi, nkhokwe, manda a makolo kuseri kwa phiri, n'kumati zonsezi ndizisiye chifukwa cha dzira la bakha?

Loweruka dzuwa lili pamutu mota inaima pabwalo. Mwanayo anatsika ndi masaka atatu opanda kanthu. Anagwada, tinalonjerana, anamwa madzi. Kenako anapita kukaona kamera. Anaima chilili. Anawerama n'kusuzumira pansi pa kadenga. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka, ndinati akulira. Ayi ndithu, anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

"Denga. Sukuona? Ndipo silidontha."

"Ababa inu, painelo imadya dzuwa! Mwaimana chakudya masiku onsewa, bateriya n'kuuma."

"Imatentha, mwananga. Inandiotcha chala."

"Pamenepo ndiye imakhala ikudya!"

Amayi akunyumba anaomba m'manja. "Ndinkati ndinene, koma nyumba ino mawu amatuluka pakamwa pamodzi."

"Munkati munene liti? Si inu munandigwirira luzi?"

Mwanayo anafuna kuzula kadengako. Ndinamuletsa. Ntchito yanga sizulidwa ngati chisa cha mpheta. Ndinamasula mfundo imodzi imodzi, n'kukanyamula kathunthu. Tinakhala pakhonde kudikira, ine maso ali pamtengo. Dzuwa litapendeka, kanyali kobiriwira kanaphethira. Mwanayo anatsegula telefoni n'kundionetsa: bwalo langa, mbuzi zanga, ndi nkhalamba ina yayasama kukamwa. Ndinali ine.

"Ndiye za ku Tete zija?" ndinafunsa, ndipo tsiku limenelo mawu anga anatuluka aang'ono.

"Sabata yatha ndithu, ababa." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana kadenga. "Koma munthu wofolera chonchi n'kupalasa njinga mpaka ku vila, ndikamutsekere m'nyumba? Khalani. Koma painelo musaifundikenso, ngakhale igwe mvula ya matalala."

Masaka aja anabwerera ku Tete odzaza mtedza ndi mbatata. Amayi akunyumba anabwezera miphika pathandala akung'ung'udza za madzi a pampopi.

Kadengako kalipobe. Ndinakaika pamwamba pa chisa cha thadzi, ndipo laswa anapiye kawiri osanyowa ngakhale nthenga imodzi. Ndinachiika pamalo poti kamera izichiona bwino.