Bokosi limene ndinazula ku Mobeni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anayamba kunditenga kuntchito kwawo Loweruka. Ankasesa m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Mobeni, mumzinda wa Durban ku South Africa, ndipo mayi sankafuna kuti ndizitsala ndekha m'chipinda chathu cha lendi ku Clermont. Chichewa tinkachisiya kunyumba.

Ankandikhazika m'kachipinda kozizira, konunkha fumbi ndi mawaya. Pashelefu panali mabokosi awiri. Lina linkaphethira nyali ngati lapenga, linzake lili duu, kanyali kamodzi basi. Foni ya bambo imene ndinkaseweretsa itatha moto, ndinati la duuli likungodya magetsi. Ndinalizula n'kulowetsa chaja.

Palibe chimene chinachitika, ndipo ndinadziona wochenjera. Patapita ola, ee, kunali chipwirikiti! Timakina ta m'manja towerengera katundu tinkangoduka netiweki munthu akachoka mbali ina kupita ina. Malole ali pamzere, bwana akukalipa.

Anaitana katswiri, mayi wina wa mpango kumutu. Mayiwo atapeza chaja, anamva bambo akundinong'oneza kuti, "Iwe Asiyatu, wachita chiyani?" Mayiwo anatseka chitseko n'kundilankhula m'Chichewa cha ku Mangochi.

"Eish, mwanangu. Lophethirali ndi getiweyi, khomo lotulukira ku intaneti. Likazima aliyense amadziwa pompo. Wazulali ndi kontirola. Silinyamula kanthu, koma ndi limene limauza timabokosi ta netiweki tili kudengato kuti uyu mulandireni, uyu mupatsirane. Likazima, timabokosito timayendera malangizo akale mpaka zitasokonekera."

Bwana atalowa, bambo anaima patsogolo panga n'kunena m'Chizulu kuti azula ndi iwo posesa. Ine mantha anandigwira, sindinaulule kuti ndine.

Lolemba bambo anavala ovolosi yawo n'kunyamuka monga mwa masiku onse. Mtima unakhala pansi, ndinati zatha. Kungoti Loweruka sananditengenso.

Lero ndimaika makina omwewa m'makampani, ndipo nkhaniyi ndinkaisimba moseka pophunzitsa anzanga kusiyana kwa mabokosi awiriwa. Chaka chatha, titaika maliro a bambo, mayi anandiuza kuti ntchito ya bambo inatha Loweruka lomwe lija. Miyezi isanu bambo ankagogoda m'makomo mwa anthu kufunsa ganyu yotchetcha kapinga, ovolosi ili pathupi, kuti ine ndisadziwe.

Tsopano ndikumvetsa kuti zinthu zikamaoneka ngati zikuyenda, sindiye kuti sunawononge kanthu. Mwina pali wina amene akusenza mtolowo osalankhula. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinadziwa woti ndiwapepese atapita kale.