Jombo ya a Abednego

Ku Mitundu palibe amene sawadziwa a Abednego Kachingwe, akabaza amene tsiku la Sabata masana amasanduka katswiri wa mpira. Imvi zinawatuluka kale, mwana wawo woyamba ali pabanja, koma mukawafunsa adzakuuzani kuti timu ya madoda a pamsika popanda iwo ndi ndiwo zopanda mchere.

Kalekale iwo ndi mnzawo a Alick, ogulitsa matimati, anasonkherana n'kugula jombo za mpira pa kaunjika. Poti a Abednego amamenya ndi mwendo wamanja pomwe a Alick ndi amanzere, anagawana mwanzeru zedi: wina jombo yakumanja, wina yakumanzere. Phazi linalo lizionera lokha, ngati kuti ndi la mlendo. Choncho a Abednego ankathamanga mopendekeka ngati ngolo yophwa tayala, eni ake n'kumati imeneyo ndiye sitayilo. Mpira ukatha, jombo zonse ziwiri zinkakagona kwa a Alick.

Zoyamba kuthamangathamanga ndi kudziwongola mpira usanayambe ankati n'za ana asukulu. "Ine ndapalasa njinga mlungu wonse, thupi langa n'lotentha kale," ankatero. Ankangotsika panjinga, kuvala jombo yawo, ulendo m'bwalo.

Tsiku lina phazi lopanda jombolo linalowa m'kadzenje momwe munaponda ng'ombe nthawi ya dzinja, ndipo anabinya. Kakolo anatupa ngati dzungu. Akazi awo, mayi Felesiya, anawakokera kuchipatala, komwe anauzidwa zosavuta: apumule, aziikapo nsalu ya madzi ozizira, amange bandeji, mwendo azisanjika pamwamba, za mpira ayambe aiwala.

Koma timu ya madoda ili ndi madokotala ambiri kuposa chipatala. Anabwera ndi madzi otentha n'kuwathowa, wina atawagwira m'chiuno, wina akukoka phazi kuti mtsempha ubwerere m'malo mwake. A Abednego anakuwa mpaka agalu anathawa pakhomo, madokotalawo n'kumagwedeza mitu kuti ndiye kuti chithandizo chikugwira.

Chomwe chinkawadya mumtima sichinali ululu ayi. Mpira wa ku Nathenje unali pafupi, ndipo a Gilibati, amene ankakhalira pabenchi chaka ndi chaka, anali ndi phazi lofanana ndi lawo. A Abednego ankachita mantha. Ankadziwa kuti jombo ija ikangolowa phazi la a Gilibati, malo awo m'timu apita, ndipo iwo adzangokhala mdala wina woonerera ali pansi pa mtengo.

"Bambo a Thoko, mwendo umenewu ndi umene umatidyetsa pakhomo pano," anatero mayi Felesiya. "Kodi mpirawo ukuthawa?"

"Inu za mpira munaziphunzira kuti?" anayankha katswiriyo.

Paja chosamva anachiphikira m'masamba. Ku Nathenje anapita, kakolo atam'manga ndi mphira wa chubu cha njinga, umene kwa iwo unali wamphamvu kuposa bandeji ya anthu ophunzira. Mpira utangoyamba anadumpha kuti amenye ndi mutu, ndipo potera phazi linangoti thyo! Anabwerako atagona m'lole pakati pa miyendo ya ochemerera, ndipo m'mawa mwake anali ndi chikhakha mpaka m'bondo.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, njinga ili chitsamire kukhoma. Banja linkadya za zitumbuwa za mayi Felesiya, omwe aja osadziwa za mpira. Chikhakha chitachotsedwa, mwendo unatuluka woonda ngati phesi. Kuchipatala anawaphunzitsa kuzunguza phazi, kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, kenako kuyenda pang'onopang'ono, lero mpaka pamjigo, mawa kupitirirako. Ulendo uno anamvera, ngakhale ankachitira kuseri kwa chigafa kuti anthu asaone katswiri ataima ngati nkhuku yodwala.

A Alick ankabwera kudzawazonda, koma za jombo a Abednego sankazitchula. Ankaopa yankho. Tsiku lina mtima unawakanika.

"Nanga a Gilibati ikuwakwana bwanji?"

"Chiyani?"

"Jombo yanga."

A Alick anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, jombo yanu ili pamsomali chichokereni inu. A Gilibati anaipempha, ndinawakaniza. Ngakhale tsiku la ku Nathenje lija mukanakhala kunyumba, sindikanaipereka kwa munthu. Tinagula awiri."

A Abednego anayang'ana mwendo wawo woondawo. Manyazi anawagwira, ndipo misozi inalengeza.

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Munafunsa?"

Lero a Abednego anabwerera panjinga ndi m'bwalo momwe, ngakhale kukazizira kakolo amawakumbutsa za ku Nathenje. Mpira usanayambe mudzawaona akuthamangathamanga ndi kudziwongola, n'kumakalipira anzawo aulesi ngati kuti nzeruyo anabadwa nayo. Jombo amavala zonse ziwiri, koma chigawo choyamba chokha, poti pa msinkhu wawo chimenecho n'chokwana. Wezulo ikalira amavula okha, n'kupereka kwa a Alick kuti amalize mpirawo. Kenako amakakhala pabenchi paja ankapaopa, pafupi ndi a Gilibati, amene mpaka lero sadziwa kuti munthu anathyoka mwendo chifukwa cha iwo.