Mawu Amene Bambo Ananena ku Sitolo

Chaka chimene zipani zinachuluka, anthu kwathu ku Malomo anayamba kulankhula za boma poyera, koma bambo anga mantha sanawachoke. Mng'ono wawo anatengedwa pa galimoto ine ndili wamng'ono, chifukwa cha mawu amene ananena pamowa, ndipo sanabwerenso.

Tsiku lina bambo anapita kukagula mchere ku sitolo ya mnzawo wachisilamu. Pocheza anadandaula kuti feteleza wakwera mtengo, basi zokhazo. Atabwerera anakhala m'chigafa n'kumasoka fodya, uku akudzifunsa okha: "Kodi ndinanena bwanji kwenikweni? Nanga wachipewa anaima pakhomo uja anali ndani?" Galimoto ikamveka ikukwera chitunda, manja awo ankaima. Sabata yonse chakudya sichinkawalowa.

Mayi anatopa n'kuwauza kuti zinthu zasintha. Masana ena anangokhala pambali pawo n'kunena kuti, "Abambo, tanenani mawuwo mokweza, ndimve nawo."

Bambo anawanena.

"Tabwerezaninso."

Pofika kachitatu, mawuwo anangomveka ngati dandaulo la mlimi aliyense. Bambo anausa moyo, n'kutolanso singano yawo.

Sikuti anachira. Mpaka imfa yawo ankatsitsa mawu ngakhale ali m'munda mwawomwawo. Ine ndinatengera mtima womwewo. Lero maganizo akandipanikiza, ndimatchula chondivutacho mokweza, ndipo chimachepadi. Koma ndisanatsegule pakamwa, ndimayamba ndacheuka kaye, ngakhale ndili ndekha m'nyumba.