Mwana wachisanu pa kaseti ya Mayi Esinati

Mayi Esinati, lero ndaona wailesi ya kaseti yakale pamsika wa Balaka. Ndakumbuka Loweruka lija ku Ulongwe, nthawi ya chipani chimodzi, mutabwera pa njinga ndi wailesi ya mpingo kudzatiphunzitsa ife ana osapita kusukulu. Tinalipo anayi kuseri kwa tchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Munatijambula mmodzimmodzi tikuwerenga a, e, i, o, u. Mutabweza kaseti tinadzimva tonse anayi, kenako panamveka mwana wachisanu, akuwerenga pang'onopang'ono ngati ali pansi pa chitsime. Mnzanga Asiyatu anandigwira dzanja nanong'ona, "Ameneyo ndani?" Inu simunazimitse. Munangoti, "Iyayi, musathawe. Nayenso akufuna kuphunzira, mulekeni amalize."

Patapita milungu iwiri kunabwera amuna atatu pa galimoto kudzafunsa zomwe mumajambula. Anakutengani pamodzi ndi wailesiyo, ndipo simunabwerenso. Maliro sitinalire, manda anu sitiwadziwa, ndipo makolo anatiletsa kutchula dzina lanu. Ndakhala chete mpaka imvi zamera. Usani mumtendere, Mayi, kulikonse kumene anakusiyani.