Tsamba Limene Linkadumpha a Andreya

Amene ankadutsa pa msika wa Dzoole zaka zingapo zapitazo akumbukira kagolosale ka Che Yunus, ka khonde lalitali ndi benchi ya bulugamu. Lero pamalopo pali ogulitsa feteleza, ndipo benchi ija inapita kalekale. Koma nthawi imeneyo, kuseri kwa kauntala, pakati pa matumba a mchere ndi zigubu za mafuta ophikira, pankakhala mwana wawo wamkazi, Nuria, ali ndi laputopu yakale imene mchimwene wake anaisiya popita ku Joni.

Nuria anakhoza bwino Fomu 4, koma malo ku koleji sanapezeke. Sanadandaule kwa munthu. Ankagulitsa sopo, ankatchajira anthu mafoni, ndipo makasitomala akachepa ankadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Masiku ano amagwira ntchito imeneyi ku Lilongwe, koma anaiphunzirira pamenepo, ntchentche zikuzungulira thumba la shuga.

Kudambo kunali kalabu ya alimi a madimba. Anasonkherana n'kugula pampu imodzi yoyendera dzuwa, ndipo chilimwe chilichonse ankakangana kuti lero ikathirire kwa yani. Mayi Esitere, apampando a kalabuyo, atatopa ndi milandu anapempha Nuria kuti awathandize. Nuria anakonza tsamba la pa intaneti: ukalitsegula pafoni, linkaonetsa dzina la munthu woyenera kutenga pampu tsiku limenelo.

Chaka choyamba zinayenda bwino kwambiri. Mayi Esitere okha ndiwo anali ndi foni yolowa pa intaneti. Ankatsegula tsambalo kamodzi m'mawa atamwa tiyi, n'kutumiza uthenga kwa mwini dzinalo. Anthu anayamba kumutcha Nuria kuti injiniya, iye n'kumangoseka akuwayezera mpunga.

Chaka chotsatira fodya anagulika bwino, ndipo alimi ambiri anabwera kuchokera ku Mponela ndi mafoni atsopano. Mavuto anayambira pomwepo. Tsiku lina a Victor ndi a Nedson anakumana pa nyumba yosungira pampu, aliyense ali ndi wilibala, aliyense akulumbira kuti waona dzina lake. Anaigawana, wina m'mawa wina madzulo. Masiku otsatira amphamvu pakamwa ankaitenga, ofatsa ankadikira.

Wofatsa kuposa onse anali a Andreya. Anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ngati tenanti, ndipo esitetiyo itatsekedwa sanabwerere kwawo. Anabwereka kadimba kumapeto kwa dambo. Foni analibe. Ankadikira uthenga wa Mayi Esitere, uthengawo osabwera, pamene tomato wawo anali atachita maluwa m'dzuwa la Okutobala. Madzi othirira ndi keni sakanakwanira mabedi onse.

Anafika pagolosale masana, chipewa chili m'manja.

"Mwaswera bwanji, bambo Andreya? Mchere kapena sopo?" anafunsa Nuria.

"Sindinabwerere zogula, mwana wanga. Ndangofuna kudziwa. Kodi m'kompyuta mwanumo mumalembamonso kwawo kwa munthu?"

"Ayi, bambo. Muli maina okha."

"Chifukwa ikuoneka kuti yadziwa kuti ndine wobwera. Anzanga athirira kawiri, ena katatu. Ine maluwa ayamba kuyoyoka. Ngati kalabu sikundifuna, andiuze pamaso, ndikazule ndekha."

Nuria anatembenuza laputopu kuti awaonetse kuti dzina lawo lilimo. Anatsegula tsambalo, panatuluka dzina la a Victor. Analitsegulanso kuti awalozere bwino, panatuluka la a Nedson. Kachitatu, la Mayi Faith. 

Che Yunus, amene ankamvetsera akusoka thumba, anati, "Chinthu chakochi chikusintha ngati birimankhwe."

"Dikirani kaye, baba."

Sanachedwe kupeza pamene panalakwika. Tsamba lotere limapangidwa ndi templeti, chinthu chonga chikombole cha njerwa: chimakhala ndi mipata, ndipo pulogalamu imadzaza mipatayo munthu akalitsegula. Nuria ankagwiritsa ntchito chida chokonzera masamba otere chotchedwa Django, ndipo Django ili ndi khalidwe lake. Ukaika mumpata dzina la chinthu wamba, imangochionetsa. Koma ukaikamo dzina la fankishoni, kutanthauza kachidutswa ka pulogalamu kogwira ntchito inayake, iyo siifunsa: imaigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, n'kuonetsa zotsatira zake. Nuria anali atalemba fankishoni imodzi yochita zinthu ziwiri, kutchula dzina la wotsatira ndi kusuntha mzere, n'kuika dzina lake mumpatamo. Choncho aliyense wongosuzumira pafoni ankakankha mzerewo osadziwa. Pamene wosuzumira anali mmodzi, kamodzi patsiku, cholakwikacho chinkaoneka ngati luso. Tsopano dzina la a Andreya linkatulukira pafoni ya munthu wina, mwina ali pa kabaza, n'kudutsa popanda wolilabadira.

Anaigawa fankishoniyo pawiri. Ina inatsala yongotchula dzina. Inayo, yosuntha mzere, anaiikira chizindikiro chotchedwa alters_data, chimene chimauza templeti kuti iyi imasintha zinthu, usaikhudze ngakhale dzina lake litalowa mumpata mwangozi. Kusuntha mzere anakuika pa batani la apampando okha. Kenaka anatsegula tsambalo mobwerezabwereza, a Andreya akuyang'ana. Dzina silinagwedezeke.

"Kompyuta sikudziwa za Phalombe, bambo. Ndinalakwitsa ndine."

"Kaya," anatero a Andreya, akuvala chipewa. "Tomato samva zimenezo."

M'mawa mwake Nuria anasiyira bambo ake golosale n'kutsika kudambo, kumene Mayi Esitere anaitanitsa mamembala pansi pa mtengo wa mkuyu. Anafotokoza bwinobwino, osabisa kanthu, kuti kuyang'ana kokha kunkasuntha mzere.

A Victor anakanda mutu. "Ndiye kuti mayi a kunyumba kwanga ndi amene asokoneza dambo lonseli. Foni ija saisiya pansi, ngakhale akupeta."

"Musanamizire akazi anu," anayankha Mayi Faith. "Ndinakuonani ku maliro mukuidinadina."

Anthu anaseka, koma Mayi Esitere sanaseke nawo. Anafunsa amene sanathirirepo chiyambire chisokonezocho. A Andreya okha ndiwo anakweza dzanja, mwamanyazi, osalifikitsa m'mwamba. Kuseka kunatha. A Nedson anati tsikulo linali lawo ndipo anyezi wawo nayenso akufota, koma atayang'ana nkhope za anzawo anangopita kukatenga wilibala yawo, n'kunyamulirapo pampu kupita nayo kumapeto kwa dambo.

Nuria anawatsatira. Mabedi akumtunda anali atapita kale, masamba atapiringizika, maluwa ali pansi. Akumunsi anali akadali ndi moyo. Dzuwa litakwera pampu inayamba kulira, madzi anatsokomola m'payipi, kenaka anatuluka bwino. A Andreya ankayenda nawo phando ndi phando, ndipo nthaka inkamwa msanga moti ankabwereranso pomwe adutsa kale. Nuria anaima chapafupi akufunafuna mawu oti anene.

"Mwana wanga," anatero a Andreya osatembenuka, "tasunthani pang'ono. Mwaponda payipi."

Chaka chimenecho anakolola theka la zimene ankayembekezera, ndipo m'kalabumo sanachokemo.