A Bizwick Owotcherera Mawaya pa Nsaru

A Bizwick ndi ine sitimwerana madzi, ndipo ndineneretu kuti sindikufuna wina atiyanjanitse. Ndi munthu wamfupi, wa nkhope yokhala ngati walawa ndimu, amene amakhala pa khonde la golosale ina pa Nsaru n'kumawotcherera mawaya. Ukawapatsa moni amayankha akuyang'ana wailesi ili m'manja mwawo. Koma funsani aliyense kuyambira ku Kabudula mpaka kwawo ku Kasiya. Tochi, foni, nyali ya sola, chilichonse chikazima anthu amati pitani nacho kwa a Bizwick.

Sukulu analekezera Sitandade 6. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo nthawi ya mawailesi a mabatire anayi, ndipo kuyambira pamenepo kagwiridwe sanasinthe. Magetsi atafika, anzawo anagula zowotcherera zolumikiza pakhoma, iwo ayi. Chawo ndi kachitsulo ka mkuwa kosongoka, ka chigwiriro cha mtengo, kamene amakatenthetsa pa mbaula. Mtovu wowotcherera sagula. Amausungunula pa mawailesi akufa n'kumausunga m'kachitini ka polishi. Amati magetsi amathima koma makala sathima. Kuuma mutu kumeneku ndinadana nako kuyambira tsiku limene anabwera kudzafunsira mng'ono wanga Mwaiwathu.

Anakhala pachikamwini m'mudzi mwathu zaka zisanu ndi zinayi. Anaumba njerwa, namanga nyumba ya zipinda ziwiri, nafolera malata. Mwana sanamuone. M'chaka cha 2017 Mwaiwathu anadwala malungo, ndipo a Bizwick anachedwa kupita naye kuchipatala chifukwa anali pa khonde paja kumalizitsa wailesi ya munthu. Ena amati uthenga unawapeza mochedwa. Ine ndimati mwamuna weniweni sadikira uthenga mkazi wake atagona ndi mutu. Titameta maliro, amalume athu anawasudzula monga mwa mwambo, kuti abwerere kwawo akaone zina. Pa nkhani ya nyumba ndine ndinakweza mawu. Ndinati njerwazo zinaumbidwa ndi dothi lathu, asazule ngakhale msomali umodzi. A Bizwick anamangirira mbaula ndi bokosi la zitsulo pa njinga, n'kukapeza kachipinda ka lendi pa Nsaru pomwepo.

Sanakwatirenso. Kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo, ndipo amadzuka pokhapokha chimkuzamawu chikayamba kulira. Amayi a Chigwirizano amati ndi munthu wofatsa. Sanakhale naye mudzi umodzi.

Nyumba ija ndinaitenga ine. Amuna anga a Obadiya anagwirapo ganyu kumalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze, ndipo anaonako mbande zikukulira pansi pa denga. Ife nazale ya matimati ya m'dzinja inkatithera chaka ndi chaka. Ikapulumuka ku mvula, matalala. Ikapulumuka ku matalala, mbuzi za eni. Tsono a Obadiya anatenga thabwa lalitali, nakhomerapo timababu toyera tochotsa m'nyali za sola zakufa, nalumikiza ku batire ya galimoto ndi sola ya padenga. Mawindo a nyumbayo tinali titatseka ndi njerwa poopa akuba, choncho kuwala konse kunali kwa thabwalo. Mawaya anangowapota ndi zala n'kukulunga ndi mapepala a shuga, monga timachitira tonse kuno. Thabwalo analipachika pamwamba pa mabeseni a mbande, ndipo zinatheka. Anthu ankanong'ona kuti tikulima chamba. Tinawasiya alankhule, ife n'kumathyola matimati pamene iwo alibe.

Mu Januwale wa 2021, a Obadiya ali ku esiteti ku Mchinji, ndinalowa m'nyumbamo Lachiwiri m'mawa n'kupeza mdima. Batire ndinaiyesa ndi wailesi, inali bwino. Ndinapotanso mawaya amene ndinawaona, ndinamenya thabwa ndi chikhatho, timababu tiwiri tinaphethira n'kuzimanso. Mbande zinali ndi masamba awiri awiri m'mabeseni asanu. Kuzitulutsa panja sikukanatheka, chifukwa kunali mvumbi wosalekeza, ndipo mbande zokulira m'nyumba sizipirira madontho. Pofika Lachinayi zinali zitatalika, zowonda ngati ulusi, zachikasu, zonse zitaweramira ku mng'alu wa chitseko. Mabedi owokeramo ndinali nditakonza kale ndipo mbewu ina ndinalibe. Zikanafa, ndiye kuti chaka chimenecho matimati kunalibe pakhomo panga.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinafunda chitenje, ndinakwera kabaza wa pa Nsaru, ndipo a Bizwick ndinawapeza pakhonde paja.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

Anapitiriza kupala waya ndi lezala.

"Chilamu chinatha, aNaphiri. Munachithetsa nokha. Mukufuna chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, n'kunena kuti kabaza akudikira, tipite akaone.

"Thabwalo lili kuti?"

"M'nyumba."

"Nyumba iti kodi?"

Ankadziwa. Pa Nsaru palibe chobisika. Ankangofuna kuti ndiitchule ndi pakamwa panga pamaso pa anthu amene ankabisala mvula pakhondepo.

"Ija munkakhala ija."

"Munandisudzula, eti? Munati ndisazule ngakhale msomali. Phazi langa m'nyumba imeneyo silipondamonso. Kalitengeni mubwere nalo kuno."

"Mbande zikufa, a Bizwick!"

"Zife. Si zanga."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawakhuthulira mbaula ija kumutu. Ndinabwerera ndikutukwana njira yonse, mpaka wakabaza anandipempha kuti ndileke, ndikumusokoneza. Thabwa ndinamasula, koma mvula inakula, kamtsinje kathu kanadzaza, ndipo tsikulo linapita choncho. Lachisanu m'mawa ndinalikulunga m'chipulasitiki n'kulisenza pamutu, batire ili pa kabaza kutsogolo, ine wapansi m'matope. Anthu m'njira ankandifunsa ngati ndikusamuka.

A Bizwick anagoneka thabwa pa benchi n'kuyamba kumasula mapepala a shuga limodzi limodzi, akuonetsa aliyense amene anali pafupi. Mkati mwake mawaya anali atabiriwira, ena akungoyoyoka.

"Taonani ntchito ya a Obadiya," anatero. "Waya amamanga ngati thumba la mtedza."

Anthu anaseka. Ine ndinaluma mlomo, chifukwa ndikanayankha akanandibwezera thabwa langa momwemo.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ntchito amaidziwa. Anadula paliponse pamene panadyeka, anasenda, anapala ndi lezala mpaka mkuwa unawala. Anachotsa kachitsulo pamakala, nakayandikiza patsaya kuti amve kutentha kwake, nakapukuta pa kansanza konyowa. Kenaka anatapa mtovu n'kukhudza waya. Mtovu unayenda wokha kuzungulira mfundo yonse, n'kuuma ukunyezimira. Mfundo zinalipo makumi awiri ndi zinayi, ndipo iliyonse ankaikoka ndi zikhadabo kuti aone ngati yagwira. Kachitsulo kakazizira ankakabwezera pamakala n'kukhala phee, osakupiza n'komwe moto, ine mtima uli ku mbande zanga mumdima.

"Tafulumirani, chonde," ndinatero.

"Pa maliro paja munauza anthu kuti ndimachedwa pa ntchito," anayankha. "Sindinasinthe."

Mayi wina amene anabwera ndi tochi anayamba kuyang'ana kumsewu.

Dzuwa lili pamutu, ngakhale silinkaoneka, anagunditsa mawaya awiri ku batire. Thabwa lonse linayaka, timababu tonse, kuwala kuposa tsiku limene linapangidwa. Iwo sananyadire. Analitembenuza n'kuyang'anitsitsa mbali imodzi, pamene mtengo unada ndi chinyezi.

"Mbali iyi imaloza kukhomo, eti?"

Ndinavomera.

"Mawayawa sanadyeke ndi kuthirira kwanu ayi. Denga likudontha. Lata lachitatu kuchokera kukhomo, ndinakhoma msomali n'kuphonya mtanda, ndinauzula n'kusiya bowo. Ndinkangoti nditseka mawa. Mwaiwathu ankatcherapo kambale." Anafufuza m'bokosi lawo, natulutsa kachibulumwa ka phula louma. "Mukalisungunule mutseke. Mukapanda kutero mubweranso, ndipo ine sindidzaligwira."

Phulalo sanandipatse m'manja. Analiika pa thabwa, n'kutenga tochi ya mayi uja. Ndinati zikomo, koma mawuwo anatuluka ngati ndikutsokomola, ndipo sindikudziwa ngati anawamva.

Nditafika ndinapachika thabwa, ndinalumikiza batire, nyumba inawala. M'mabeseni awiri mbande zinali zitagona kale pa dothi, ndipo sizinadzukenso. Zimenezo ndimaziwerengera a Bizwick mpaka lero, chifukwa akanakwera kabaza Lachinayi lija zikanapulumuka. M'mabeseni atatu otsalawo zinali zikadaimirira, zofooka koma zamoyo.

Kenaka ndinayang'ana kudenga n'kuwerenga malata kuchokera kukhomo. Zaka zitatu ndinkalowa ndi kutuluka m'nyumba imene ndinaimenyera nkhondo pamaso pa mudzi wonse, koma bowolo sindinalionepo. Linali pomwepo, pa lata lachitatu, laling'ono, dontho likulendewera.

Mvula itakata ndinasungunula phula m'kachitini, ndinabwereka makwerero, ndinakwera ndekha. Ndili pamwambapo ndinaganiza za mng'ono wanga akusuntha kambale kake chaka ndi chaka, kudikira mwamuna amene ankati atseka mawa, ndipo ine mkulu wake sanandiuzepo ngakhale kamodzi. Ndinatseka bowolo ndi chala changa, phula likundiwotcha, ndipo ndinalira mpaka linazizira.