Nyumba ya a Paterson ku Ntcheu

A Paterson Chimbalanga ndimapemphera nawo ku Tottenham, kuno ku dziko la azungu, ndipo ndisabise, ndi munthu wotopetsa. Ukangowapatsa moni, foni yatuluka kale, uone nyumba yawo ya ku Ntcheu: zipinda zisanu, khonde lozungulira, malata obiriwira. Kumudzi anali mmisiri womanga nyumba. Kuno atha zaka makumi awiri akusambitsa nkhalamba ku Edmonton, uku akumanga nyumbayo pafoni, kukalipira oumba njerwa ali m'basi. Sanagonemo ngakhale tsiku limodzi.

Kenako impso zinakana ntchito. Tsopano amapita kumakina otsuka magazi katatu pa sabata, ndipo adokotala sanapite m'mbali: zokakhala kumudzi aiwale. Akazi awo anatisiya kalekale. Chiyembekezo chinatsalira pa mwana wawo mmodzi yekhayo, Dyna, wobadwira konkuno, amene amagwira ntchito pachipatala ku Romford. Ankafuna kuti nyumbayo aitenge, azipitako, isafe.

Loweruka lina Dyna anawatenga kuti akapitidwe mphepo, ine n'kutsatira ngati mboni. Tinakwera sitima kupita ku Essex, komwe kuli linga la mafumu akale paphiri loyang'ana nyanja. A Paterson anatchena suti ndi nsapato zopolisha, poti amakalankhula nkhani yaikulu. Tinapeza bwinja: nsanja yong'ambika pakati, zipupa zopanda denga, matope, ndi azungu akuyendetsa agalu.

Mmisiri ndi mmisiri basi. Anayamba kusisita chipupa, kukanda laimu ndi chala.

"Amene anamanga apa sankasewera," anatero. "Dyna, tawerenga chikwangwanicho. Inagwa ndi nkhondo?"

Dyna anawerenga, n'kuyankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. Panalibe nkhondo. Eni ake anangosiya kubwerako, dothi linagumuka, ndipo miyala yambiri anthu anatuta kukamangira zawo.

A Paterson anakhala pamwala, akupuma movutikira. Ine ndinaona kuti nthawi yake si imeneyi, koma iwo anayamba ndithu, mawu onse amene anakonzekera sabata yathunthu. Anatchula manda a agogo ake a Dyna, mango amene anadzalitsa kuseri, chipinda chake choyang'ana kummawa.

Dyna anawagwira dzanja. Ndi mwana waulemu, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri, chifukwa panalibe womukalipira. Anayesetsa m'Chichewa chake chothyokathyoka.

"Adadi, pepani. Ine kumeneko sindidziwa munthu. Ndikapite ndikalankhule ndi ndani? I can't. Sindingathe."

"Ngakhale pa holide?"

Dyna anangogwetsa misozi. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale pamaliro, chifukwa pamaliro pamakhala nyimbo.

Pobwerera m'sitima a Paterson anayang'ana nyanja mpaka inasowa pazenera. Kenako anaimbira mng'ono wawo Themba, amene amasunga makiyi ku Ntcheu. Anapatsana moni, anafunsa za mvula ndi za ana. Ndinamva zonse, popeza amalankhula pafoni ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje.

"Themba, nyumba yako ija ikadadonthabe? Ndiye tenga anyamata mawa, mukazule malata kwanga kuja. Zitseko nazonso. Ayi, sindinamwe. Ndati zulani, akuba asanakutsogolereni."

Atatseka foni anandiyang'ana. "Mayi Bessie, malata aja ndi a geji yabwino. Bola afolere munthu."